Za Khulubvi tiyambe takambirana ndi a ku Mozambique

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya malo amakedzana a kuno kuchigwa cha Shire. Kuyambira 2011, kachisi wa Mbona wa ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, ali pa mndandanda wa malo amene dziko lino likufuna kuti bungwe la UNESCO liwavomereze kukhala chuma cha dziko lonse lapansi. Zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, ku Dedza, zidavomerezedwa mu 2006, phiri la Mulanje lalowa mu 2025. Ife tikadaodirabe pakhomo.

Ndikuona kuti nkhaniyi tikuiyendetsa ngati ya Malawi yekha, chonsecho Mbona sankadziwa malire a pa Marka. Kale anthu ankachokera mpaka m'mbali mwa Zambezi kudzapereka nsembe ndi nsalu zakuda popempha mvula. Amang'anja ndi Asena a ku Mutarara ndi ku Morrumbala ndi abale athu: timakwatirana, timagulana nsomba pamsika umodzi, ndipo nkhondo itavuta kwawo tidakhala nawo kuno m'misasa ngati wa Mankhokwe. Nanga chikuletsa n'chiyani kuti maboma awiriwa atumize akatswiri awo limodzi, afunse nkhalamba za mbali zonse, alembe malo onse okhudza Mbona pa mapu amodzi? Njirayi si yachilendo. Gule Wamkulu adavomerezedwa ndi UNESCO mu 2005 m'dzina la maiko atatu: Malawi, Mozambique ndi Zambia.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi madzi. Namondwe wa Ana adatigunda mu 2022, wa Freddy mu 2023, ndipo mtsinje ukagumula gombe umavundukula zimene nthaka idasunga. Pitani m'mbali mwa Ruo kapena Mwanza madzi akaphwa. Mupeza mapale okhuthala okhala ndi timizere tozokota kukamwa kwake, osafanana ndi miphika imene amayi amaumba lero, nthawi zina ndi zibuma zakuda zolemera zotsalira pa ng'anjo. Paja Amang'anja ankatchuka ndi kusula makasu ndi kuomba nsalu za thonje Livingstone asanafike mu 1859. Ana amatola mapalewo n'kumagendera mbalame. Mvula ina ikabwera, otsalawo amapita ku Zambezi. Katswiri wofukula zakale Keith Robinson adayenda m'chigwa chino zaka zoposa 50 zapitazo. Pakufunika ena ayendenso, tsopano mwachangu.

Palinso ngalande yaikulu ya mthirira yochokera ku Kapichira. Ndikuifuna ngalandeyo, asandimve molakwa, chifukwa njala kuno timaidziwa. Ntchito za ndalama za World Bank ngati imeneyi zimakhala ndi lamulo loti okumba akapeza zamakedzana ayambe aima n'kudziwitsa a boma. Lamulolo limagwira ntchito pokhapokha mnyamata woyendetsa chimakina ataonetsedwapo phale lakale kuti alizindikire. Apa ndi pamene thandizo la kunja lingaoneke phindu lake, osati m'misonkhano ya m'mahotela ku Lilongwe.

Akatswiri akunja abwere ndithu, koma zimene apeza zitsale ndi eni ake. Wansembe wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, adakhala pakati pathu n'kulemba buku la mbiri ya Mbona lotchedwa River of Blood, limene lidatuluka mu 1992. Lili m'Chingerezi, ndipo zidzukulu za amene adamufotokozera mbiriyo sizingalipeze pa sukulu ya kumudzi. Kulimasulira n'kotsika mtengo kuposa ulendo umodzi wa nduna.

Ndipo Khulubvi si malo ongojambulapo zithunzi. Ali ndi eni ake, ali ndi miyambo yolowera, ndipo mitengo yake yatsala chifukwa cha kuopa mizimu pamene kwina konse makala adamaliza nkhalango. Choncho ndikupempha nthambi yoona zamakedzana kuti iitanitse anzawo a ku Tete ndi ku Zambezia, msonkhanowo uchitikire pa Nsanje pompano, a Lundu, a Tengani, a Ngabu, a Malemia ndi osunga kachisi akhale kutsogolo, dzinja likudzali lisanafike.

Mphunzitsi wopuma,
Bangula, Nsanje