Muzitiuza zoona musanatigulitse ma router

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za ma router omwe tikugula muno mu Mzuzu.

Ine ndili ndi kashopu ka hardware ku Luwinga ndipo akuba atandiyendera kawiri ndinaikitsa makamera anayi ndi DVR yake, kabokosi kosunga zomwe makamera ajambula, cholinga choti ndikapita ku Karonga kapena ku Kyela kukaoda katundu ndizionera pa foni zomwe zikuchitika kumbuyoku. Ndikakhala mushopu pa wifi yomweyo zithunzi zimabwera bwinobwino, koma kungofika pa Katoto pompa basi zii.

Mnyamata yemwe anandiikira anati tichite port forwarding. Anandifotokozera kuti router ili ngati mlonda wa pageti pa mpanda wa malendi, nyumba zamkatimo, zomwe ndi zipangizo ngati DVR ija, zili ndi manambala awo monga 192.168.1.20 omwe wakunja sangawaone, ndiye umamuuza mlondayo kuti aliyense wofuna port 8000 kapena 554 azimulozera ku DVR. Tinachita zonsezo, mpaka password ya admin ija tinasintha poti akuti ukatsegula khomo chonchi mbava za pa intaneti nazo zimayesa mwayi. Masiku atatu tili pomwepo, bando kutha, palibe chooneka.

Kenako mnyamatayo anadzaona kuti IP, adiresi yomwe kampani ya intaneti yapatsa router yanga, ikuyamba ndi 100.64, akuti imeneyo ndi CGNAT, kutanthauza kuti mpanda wathu uja uli mkati mwa chimpanda china chachikulu cha kampani, tilimo ambirimbiri tikugawana IP imodzi ndipo makiyi a geti lakunjalo si athu. Chifukwa chake akuti maadiresi a IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi dziko lonse lapansi, sakukwanira. Zimenezo ndamva, sindikutsutsa.

Chandiwawa nchoti tsiku logula ndinafunsa ndi pakamwa pangapa kuti kodi makamera ndiziwaonera kutali? Achemwali apakauntala anati zimatheka bwana osadandaula. Nditabwererako eti akuti mukufunika public IP, adiresi yanuyanu yosagawana ndi ena, ili pa package ya ma bizinesi, ndalama ina pamwezi. Bwanji osanena poyamba paja ndisanatulutse ndalama?

A MACRA tithandizeni, makampaniwa azilemba pa katoni kapena pa fomu kuti laini iyi ndi ya CGNAT, komanso atiuze kuti IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi omwe ndi ochuluka, tiyamba kuilandira liti ife wamba.

Pakadali pano ndikakhala paulendo ndimaimbira mlamu wanga video call pa WhatsApp kuti aloze foni yake pa sikirini ya DVR, ndiye dzanja lake limanjenjemera.

Wodandaula,
Luwinga, Mzuzu