Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Zaumoyo m'boma lathu: thandizani odwala njerewere za kumaliseche

Bwana,

Ndinakulemberani kale mwachinsinsi, ndinafikanso ku ofesi kwanu n'kusiya uthenga kwa alembi anu. Mpaka lero yankho silinabwere. Ndiye ndaona kuti ndilankhule poyera, ndipo mundikhululukire ngati mawu ena alemera.

Mng'ono wanga ali ndi njerewere za kumaliseche, zobwera ndi kachirombo ka HPV, ndipo ndi woyembekezera. Zinayamba ngati tizotupa ting'onoting'ono tosawawa. Pathupi pomwe pamakula, nazonso zimakula, n'kuunjikana mpaka kukhala pansi kunayamba kumuvuta, ndipo zikakhulana ndi chovala zimatuluka magazi. Kuchipatala namwino anamuuza kuti mankhwala omwe alipo ndi podophyllin yekha, ndipo sangamupake chifukwa ndi oopsa kwa mwana ali m'mimba. Namwinoyo ananena zoona, ndimamuyamikira. Koma asidi wa TCA, yemwe amaloledwa kwa amayi oyembekezera, kunalibe. Makina a cryotherapy, oumitsa njerewere ndi kuzizira, angokhala pakona, gasi anatha. Anamubweza kuti adzabwerenso.

Usiku wina ndinamupeza atagwira lezala, akulira, akufuna adzidule yekha. Bwana, mzimayi wa pakati kufika pamenepo sikuti wapenga ayi, watopa. Nthawi imeneyo n'kuti mwamuna wake atasiya kale kugona kuchipinda, akumunena kuti anayenda ndi wina. Palibe anakhala pansi ndi bamboyo kumufotokozera kuti kachiromboka kamatha kukhala m'thupi miyezi yambiri popanda chizindikiro, moti n'kovuta kudziwa amene anayamba nako. Banja likugwedezeka chifukwa cha mawu ochepa omwe sananenedwe.

Si iye yekha. Anyamata akuvulidwa kuseri kwa katani, anthu pamzere akumva zonse, ndipo sabwereranso. Amene ali ndi HIV njerewere zawo zimakula kwambiri n'kumabwererabwerera, koma amangotumizidwa uku ndi uku. Ena amauzidwa kuti achira, zikatulukanso amataya mtima, pomwe akanauzidwa pachiyambi kuti mankhwala amachotsa njerewere zokha, kachirombo thupi limalimbana nako lokha, nthawi zambiri mkati mwa zaka 2. Amayi ambiri sagona poganiza kuti ndi khansa. Inu mukudziwa kuti njerewere pafupifupi 90 pa 100 zilizonse zimachokera ku mitundu ya HPV yotchedwa 6 ndi 11, pomwe khansa ya khomo la chiberekero pafupifupi 70 pa 100 imachokera ku mitundu ya 16 ndi 18. Chovuta n'chiyani kuwauza zimenezi, n'kuwalimbikitsabe kuti akayezetse khomo la chiberekero?

Ndimalemekeza ntchito yanu, ndipo ndikudziwa kuti ndalama za mankhwala sizikwana. Koma tsiku lija munabwera kudzalimbikitsa katemera wa HPV wa atsikana, ndinalipo. Munalonjeza gasi, munalonjezanso chipinda chokhala ndi chitseko. Tinaomba m'manja. Chaka chapita, katani ikadali yomweyo. Katemera ndi wabwino, sinditsutsa. Bungwe la WHO mu 2020 linaika cholinga choti pofika 2030, atsikana 90 pa 100 azikhala atalandira katemerayu asanapitirire zaka 15, ndipo ku Australia, komwe anayamba kubaya mu 2007, njerewerezi zinachepa kwambiri pakati pa achinyamata. Komatu katemera sachiza munthu amene njerewere zatuluka kale. Makolo sauzidwanso kuti katemera wa Gardasil amateteza ku 6 ndi 11 pomwe wa Cervarix sateteza ku mitundu iwiriyi. Nanga amene anadwala kale apite kuti?

Pempho langa ndi ili. Lamulani kuti TCA azipezeka kusikelo ndi kuchipinda cha matenda opatsirana pogonana nthawi zonse. Dzazani gasi m'makina aja mwezi uno. Ikani chitseko. Uzani anamwino kuti wodwala aliyense azifotokozeredwa za kubwerera kwa njerewere, za kondomu yomwe imachepetsa kupatsirana koma siiphimba khungu lonse, komanso kuti aziitana wokondedwa wake adzamve nawo. Mukalephera china pa zimenezi, tiuzeni poyera chifukwa chake ndi tsiku lomwe chidzatheke. Mng'ono wanga watsala pang'ono kubereka, ndipo ndikufuna athandizidwe tsikulo lisanafike.

Ine,
Mkulu wake wa wodwala