Kwa mwana wanga, za mota ya matayala anayi ija

Mwana wanga,

Kuno tili bwino. Minda tagalauza kale, tikungodikira mvula, ndipo mayi ako bondo lija layamba kuwalola kufika kudimba.

Amalume ako anafika kuno Lolemba, ndipo asanamwe n'komwe madzi anayamba kusimba zoti anakuona ku Calomue, kumalire a Mozambique ndi Malawi kuja, Loweruka madzulo. Akuti unali pa mota ya matayala anayi, yokwera ngati njinga yamoto ija, imene anakupatsa kuntchito, pamsewu wa tala, kumutu kulibe kapasete, chipewa choteteza mutu chija, kumbuyo utabereka mnzako uja. Dzina lake sindilemba, ukumudziwa. Akutinso mmene munkatuluka m'bala muja dzuwa linali litalowa kale, ndipo mnzakoyo anakwera akuseka, botolo lili m'manja. Mayi ako atamva zimenezi nsima inawakanika. Ine pamaso pa amalume ako sindinayankhe kanthu, koma usiku umenewo tulo sindinatione.

Tsiku limene unatiimbira foni kuti abwana ako akupatsa chinthu chimenechi kuti uziyendera minda, ndinauza aliyense kutchalitchi. Mpaka lero ndimanyada nawe. Munthu sapatsidwa kiyi wa katundu wodula chotero ngati sakhulupirika. N'chifukwa chake za amalume akozi zandipweteka kwambiri.

Ndikudziwa zimene zili m'mutu mwako, poti anyamata nonse mumaganiza chimodzimodzi. Mumati yoopsa ndi njinga yamoto ya matayala awiri, iyi ya anayi imaima yokha, munthu sungagwe nayo. Matayala anayiwo ndiwo akukunamiza. Chinthucho n'chachitali koma chopapatiza, ndipo iweyo ukakhala pamwamba pake kulemera kwambiri kumakhala m'mwamba. Tayala limodzi likangokwera chulu kapena kulowa m'ngalande ya m'mphepete mwa munda, chimapendekeka, ndipo chikayamba kupita sungachibweze ndi mkono. Njinga yamoto ikagwa nthawi zambiri imakutaya uko, iyo n'kugwera kwake, iwe n'kudzuka ndi mabala a m'zigongono. Iyi ikagubuduka imakutsatira n'kukugonera. Zogwirira ntchito m'mindazi zimalemera makilogalamu 250 mpaka 300, zina kuposa pamenepo. Ganiza matumba a feteleza 5 kapena 6 ali pachifuwa pako. Ena amene chinawapha sanathyoke khosi ayi, anangolephera kupuma ali pansi pake kumunda, popanda wowachotsa.

Nthawi imene ndinkagwira thalakitala, nkhondo isanatithamangitsire ku Dedza, tinali ndi mnyamata wina wodziwa ntchito kuposa tonsefe. Usiku anali ku masese, m'mawa n'kunena kuti mutu uli bwinobwino. Anapita kukadula chitunda chopingasa udzu uli ndi mame. Mmene tinkafika injini inali ikulirabe, tayala limodzi likuzungulira m'mwamba, nsapato yake imodzi ili patali m'mizere ya mbatata. Tinathamangira mitengo yoti titukulire, koma tinachedwa. Mkazi wake anali ndi mwana kumsana pamene ankamuuza. Nkhani imeneyi sindinakusimbirepo uli wamng'ono, ndipo lero ndakusimbira chifukwa usiku wa Lolemba ndinkangoona nsapato ija.

Za mowa sindikuletsa, ndiwe bambo wa pakhomo pako. Koma tsiku limene wafuna kumwa, kiyi umusiye kwa mkazi wako, upite wapansi kapena ukwere kabaza. Mota imeneyi moto wake umaupatsa ndi chala chamanthu, ndipo munthu amene walawa chala chimalemera iye osadziwa. Ukagunda kabampu thupi limagwera kutsogolo, chala n'kukankha, mota n'kulumpha. Munthu wabwinobwino amabweza msanga. Woledzera amazindikira ali kale m'chigwembe. Ndipo usadzinamize kuti m'mawa mowa watha m'thupi chifukwa choti wasamba.

Tsono za mnzakoyo. Mpando wa mota imeneyi ndi wautali, ndipo nonse mumayesa kuti anaupangira anthu awiri. Anautalikitsa kuti woyendetsa azisuntha. Pokwera chitunda umasendera kutsogolo, chifuwa pafupi ndi chiwongolero. Potsetsereka umabwerera kumbuyo kwenikweni. Pokhota umapendekera mkati mwa kona, phazi lakunja litaponda mwamphamvu. Mota imeneyi imayendetsedwa ndi thupi lonse. Ndiye ukaika munthu kumbuyo, usunthira kuti? Iye wakutsekera malo, wawonjezera kulemera kumbuyo, matayala akutsogolo apepuka, ndipo pachitunda chaching'ono chomwe chinthucho chimadzuka n'kukugwerani chagada. Yang'ana pa madigadi, opanga anamatapo chithunzi choletsa kunyamula munthu. Iwe sukulu unapita, Chipwitikizi ndi Chingerezi umawerenga, ine amene ndinalekezera panjira ndichite kukuuza zimenezi?

Mnyamata ameneyo ndinamuona kalekale mmene alili. Ndi yemwe uja anakutengetsa njinga ya amalume ako muli kusekondale, yobwera nayo itapindika folokosi, iye n'kuthawira kwa agogo ake, iwe n'kutsala wekha kuyankha mlandu. Zaka zapita koma munthuyo sanasinthe. Alibe ntchito yoti aitaye, alibe mkazi, alibe mwana. Mota ikaphwanyika mawa, abwana sadzafunsa kuti kumbuyo kunali ndani. Adzadula malipiro ako, mwina kukuchotsa kumene, iye ali phee pa bawo. Akakupempha kuti umuperekeze, umuuze kuti bambo anga anandiletsa. Aseke, palibe kanthu. Unene kuti ndine wovuta, ndalola.

Pa tala paja ndiye pandiopsa koposa. Zambiri mwa mota zimenezi kumbuyo zilibe difu ngati ya galimoto, imene imalola matayala kuzungulira mosiyana pokhota. Matayala awiri akumbuyo ali pa chitsulo chimodzi ndipo amazungulira mofanana. Pokhota, tayala lakunja limayenera kuyenda mtunda wautali kuposa lamkati. Pa dothi lamkatilo limaterereka pang'ono, kona n'kutheka. Pa tala matayala ofewa aja amamata, palibe loterereka, ndiye mota imakana kukhota kapena imatukula mbali imodzi. Uwonjezepo liwiro, mdima ndi malole opita kuchipata cha Dedza. Ngati ntchito yakukakamiza kudutsa msewu wa tala, ima kaye, yang'ana uku ndi uku, udutse molunjika pang'onopang'ono, ubwerere pa dothi.

Kapasete uzivala, ndipo uzimanga lamba wake pansi pa chibwano. Wosamanga amavuka iwe usanafike pansi. Uzivala majombo, osati masilipasi ako aja, ndi malaya a manja aatali. Magalasi a m'maso uzikhala nawo chifukwa cha fumbi ndi nthambi. Chinanso chimene anthu ozolowera njinga yamoto amapwetekera nacho: ikapendekeka usatsitse phazi pansi. Uli mwana, pophunzira njinga yakapalasa pabwalo pano, unkangokhwekhwereza mapazi, mayi ako akukuwa kuti umaliza nsapato za kutchalitchi. Apa ukatero tayala lakumbuyo lidzakwera mwendo wako n'kukukokera pansi. Mapazi azikhala popondera nthawi zonse.

Mlongo wako wandionetsa pa WhatsApp chithunzi cha mdzukulu wanga atakhala kutsogolo kwako, timanja tili pa chiwongolero. Mayi ako anaseka, akuti wafanana nawe. Ine sindinaseke. Ngati inali itazima, chabwino, koma usadzayende naye ngakhale kuzungulira nyumba. Kamwana kakhoza kukankha kachitsulo ka moto kaja iwe ukuyang'ana kwina. Mlamu wako wamng'ono uja nayenso usamupatse. Opanga okha amaletsa mwana wosafika zaka 16 kuyendetsa mota yaikulu ngati imeneyo. Ukaimika, kiyi m'thumba.

Minda ya kuno ku Angónia ukuidziwa, yambiri ili m'mapiri. Chitunda uzikwera molunjika ndi kutsika molunjika, pa giya yaing'ono, injini izikugwirira. Kudula chopingasa upewe, ngakhale njira yozungulira italike. Ikakuzimira pakati pa chitunda, thupi likhale kutsogolo, ugwire mabuleki. Ikayamba kubwerera m'mbuyo usaponde buleki yakumbuyo, chifukwa imeneyo ndiyo imaitembenuza. Ugwire yakutsogolo pang'onopang'ono mpaka iime, kenako utsikire mbali yakumtunda. Malo amene mtima wakayika, tsika ukayendepo kaye ndi mapazi. Udzu wautali umabisa zitsa ndi maenje.

Katundu nayenso. Pa keriyala iliyonse analembapo makilogalamu amene imaloledwa kunyamula, ndipo yakutsogolo imanyamula zochepa kuposa yakumbuyo. Matumba awiri a feteleza ndi makilogalamu 100, ndipo keriyala yakumbuyo ya mota zambiri siloledwa kufika pamenepo. Alimi adzakupempha kuti uwatengereko, ndipo ndikudziwa mtima wako, kukana kumakuvuta. Bwerera kawiri. Umange zolimba, katundu akhale pansipansi. Thanki ya mankhwala opopera ikakhala yosadzaza madzi amakhavukira mbali imodzi pokhota, ndiye uziyenda nayo mwaulemu. Ngolo uzikokera pa chitsulo chake chokokera, osati kumangirira chingwe pa keriyala.

M'mawa uliwonse usanalize injini uzizungulira mota yako. Matayala ake safuna mpweya wambiri. Zambiri zimafuna mapaundi 4 kapena 5, zina mpaka 7, pomwe tayala la galimoto limalowa 30 kapena kuposa. Anyamata opopa matayala pamsika sadziwa zimenezi, adzakupopera mpaka tayala ligone gwa, mota n'kumadumphadumpha. Geji ya galimoto mpweya wochepa chotero siiwerenga bwino, ufune geji yakeyake, nthawi zambiri imabwera m'kathumba ka zipangizo. Lamanzere ndi lamanja azikhala ofanana, apo ayi izikukokera mbali imodzi. Gwedeza tayala lililonse umve ngati manati kapena mabering'i amasuka. Finya mabuleki. Kankha kachitsulo ka moto uone ngati kakubwerera kokha, chiwongolero utakhotetsera uku ndi uku. Oyilo umuyeze mota ili pamalo athyathyathya. Suzumira pansi uone timalabala takuda tophimba majoini a ku matayala. Kakang'ambika kamodzi girisi amatuluka, mchenga n'kulowa, ndipo joini yonse imatha, pomwe kalabala kokha n'kotchipa. Ngati yako ndi ya tcheni, tcheni chisakhale cholendewera kapena chouma.

Fumbi la mwezi uno ndi limene limapha injini. Fyuluta ya mpweya ikakhala ya siponji uziichapa pafupipafupi, iume bwinobwino, uipake oyilo wake n'kufinya, osaipotokola. Osayenda popanda fyuluta ngakhale kamtunda kochepa. Udzu wouma umene umakulungika pa ekisozi uzichotsa injini ikazizira, ungadzayatse munda wa munthu. Petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu ndikudziwa kuti nthawi zina palibe kuchitira mwina, koma uzimusefa pa kansalu koyera, uthire injini itazima, fodya ali kutali. Usailizire m'nyumba yotseka, utsi wake umapha munthu mwakachetechete.

Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, madambo adzadzaza. Madzi opitirira popondera mapazi usalowemo, ndipo othamanga usayese n'komwe, matayala onenepa aja amayandama. Ukawoloka, finyafinya mabuleki uku ukuyenda pang'onopang'ono mpaka aume. Ukadzaona oyilo wasanduka woyererako ngati wathiridwa mkaka, madzi alowa, usailizenso, itana makaniko. Matope a pa ladiyeta uzitsuka tsiku lomwelo. Chikawonongeka chinthu uziuza abwana msanga ndipo uzilemba m'kabuku, osamangirira ndi waya n'kukhala chete.

Popita kuminda yakutali uziuza mkazi wako kumene walowera ndi nthawi yobwerera, foni ili ndi moto, ili m'thumba la malaya osati m'bokosi la pa mota. Kuchokera ku Ulongué, likulu la Angónia, kukafika ku chipatala chachikulu cha ku Tete ndi makilomita opitirira 200. Munthu wothyoka msana pamsewu umenewo ndi ulendo wowawa.

Ndalemba zambiri, dzanja latopa, koma ndibwerezanso chifukwa ndikudziwa kuti za fyuluta ndi matayala uzimva mosavuta, unali wokonda zitsulo chiyambire. Zimene zikundisowetsa tulo ndi Loweruka madzulo, bala lija ndi mnyamata uja. Loweruka mota izigona kuntchito kapena pakhomo itakiyidwa. Mkazi wako ndi munthu wofatsa, sangakuuze kuti akuopa, koma mlongo wako akuti amakhala pakhonde mpaka amve kulira kwa injini. Wakutsina khutu ndi mnansi, mwana wanga, ndipo amalume ako usawakwiyire, ananena chifukwa amakukonda.

Ukalandira kalatayi undiimbire pa foni ya mlongo wako. Undiuze nambala ya mpweya imene yalembedwa pa mota yakoyo ndi imene geji ikuonetsa pa tayala lililonse, ndimve ngati zikugwirizana. Kumapeto a mwezi mubwere nonse pa minibasi, mayi ako akusungirani nyemba ndi mbatata ya mbewu. Upereke moni kwa apongozi anga ndi kwa mdzukulu wanga.

Ndine,
Bambo wako