Chilengezo: Phunziro la moyo wa Mbusa Martin Luther King Jr.

Abale ndi alongo a gulu lophunzira Baibulo,

Loweruka likudzali tikumana m'chipinda cha Sande sukulu kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko masana. Tidzakambirana za moyo wa Martin Luther King Jr., mbusa wa Baptist wa ku America.

Anabadwira ku Atlanta mu 1929. Ali ndi zaka 26 zokha, akuweta mpingo wa Dexter Avenue ku Montgomery, anatsogolera anthu akuda kunyanyala mabasi omwe ankawakhazika kumbuyo. Anthuwo anapirira masiku 381, ambiri akuyenda wapansi, ndipo iye anawaletsa kubwezera ngakhale nyumba yake itaponyeredwa bomba. Mu 1963, ali m'ndende ku Birmingham, anayankha kalata ya atsogoleri achipembedzo 8 omwe ankati afatse kaye ndi zionetsero zotsutsa tsankho. Apa ndikufuna tidzakhalitsepo, chifukwa omudzudzulawo anali anzake a pa guwa. King anaphedwa powomberedwa ku Memphis pa 4 April 1968.

Funso lathu: mbusa alowerere ndale mpaka pati?

Mubwere ndi Baibulo, kope ndi cholembera. Muwerengeretu Amosi 5 ndi Aroma 13. Palibe cholipira.

Yankhani pofika Lachinayi madzulo ngati mubwera, kuti tikonze mipando yokwanira.

Mlembi wa gulu