Kalata kwa Makolo Pakutha kwa Teremu Yachiwiri

Okondedwa makolo ndi onse olera ana,

Landirani moni kuchokera kwa aphunzitsi ndi komiti ya sukulu.

Nkhani imene yatisowetsa mtendere teremu ino ndi ya mafoni. Ngakhale malamulo a sukulu amaletsa ophunzira kukhala ndi foni, tinapeza mafoni obisidwa m'matiresi, ndipo ina inali m'chigubu cha shuga. Chimene chinatiopsa kwambiri ndi zimene zinali m'mafonimo. Mtsikana wina, amene sinditchula dzina kapena kalasi yake, ankacheza pa Facebook ndi munthu wodzitcha wophunzira wa ku koleji, yemwe ankamutumizira mayunitsi ndi ndalama. Kenako munthuyo anapempha zithunzi zosayenera, ndipo atazilandira anamuopseza kuti akakana kukumana naye azimwaza pa WhatsApp. Mwanayo anasiya kudya, m'kalasi ankangokhala ali zyolizyoli, ife n'kumaganiza kuti ndi malungo. Ndikuvomereza kuti pamenepa tinachedwa kuzindikira. Tinapezanso anyamata ena amene ndalama zogulira sopo ndi makope anazithera ku juga ya mpira ya pafoni.

Chifukwa cha zimenezi, aphunzitsi onse pamodzi ndi amatroni anakhala pansi Loweruka kawiri ndi apolisi a ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, kuti aphunzire mmene anthu otere amakolera ana. Taphunzira kuti mauthenga oopseza sayenera kufufutidwa chifukwa ndi umboni, ndiponso kuti chithunzi cha mwana sichitumizidwa kwa wina aliyense, ngakhale pofuna kuchenjeza anzathu. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kusunga kapena kufalitsa zithunzi zolaula za ana, ndipo aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana.

Teremu yamawa, wophunzira wopezeka ndi foni adzalandidwa foniyo ndipo kholo lake lidzaitanidwa. Komabe chilango chokha sichithandiza, poti ena mwa mafoniwa munawagulira ndinu makolo. Chonde, pa holide ino dziwani amene mwana wanu akucheza naye usiku, ndipo mukaona ali ndi ndalama kapena zovala zimene simunamupatse, mufunseni modekha. Akakuululirani vuto, musathamangire kumukwapula, chifukwa mantha ndiwo anachititsa mtsikana uja kubisa nkhaniyi kwa nthawi yaitali. Mukhozanso kuimba kwaulere pa nambala yothandiza ana ya 116.

Pa zabwino, timu ya netibolo inachita bwino m'mipikisano ya m'dera lathu, kalabu ya zachilengedwe inadzala mitengo kuzungulira bwalo, ndipo a Fomu 4 alemba mayeso oyeserera a MSCE popanda chovuta.

Tsiku lotsegulira sukulu lalembedwa pa lipoti la mwana wanu. Amene muli ndi ngongole ya fizi, chonde mudzaimalize tsiku lomwelo. Msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi udzachitika Loweruka la sabata yachiwiri, ndipo ndikupempha kuti abambonso mudzabwere, musadzangotuma amayi okha.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu