Kalata kwa Mnzanga: Charles Burnett ndi Filimu Imene Inatsekeredwa ndi Nyimbo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tilipo. Ndakondwa kumva kuti filimu mwakhala mukuikamba ija mwayamba kuijambula Loweruka ndi Lamlungu. Koma mawu amodzi mu uthenga wanu andisowetsa mtendere. Mwati nyimbo mwasankha kale, za oimba otchuka, ndipo za chilolezo mudzaona filimu ikatha. Musanapite patali, imvani kaye za Charles Burnett, mmodzi mwa akatswiri enieni a mafilimu ku America amene agwira ntchito kunja kwa makampani akuluakulu a ku Hollywood. Iyeyu luso linalipo lochuluka, ndipo mafilimu ankawamaliza. Chimene chinkamugwetsa kawirikawiri ndi zimene zimachitika filimu ikatha: mapepala, umwini, ndi munthu amene wagwira chiwongolero pokaionetsa.

Burnett anabadwa pa 13 April 1944 ku Vicksburg, m'chigawo cha Mississippi. Mu 1947 banja lake linasamukira ku Watts, dera la anthu akuda mu mzinda wa Los Angeles, monga ankachitira mabanja ambiri othawa tsankho ndi umphawi wa kummwera. Anayamba waphunzira zamagetsi ku Los Angeles City College, kenako analowa sukulu ya mafilimu ya pa yunivesite ya UCLA. Pa sukuluyi m'zaka zimenezo panadutsanso Haile Gerima wa ku Ethiopia, Larry Clark, Billy Woodberry ndi Julie Dash, gulu limene pambuyo pake linatchedwa L.A. Rebellion. Ndalama analibe, choncho ankagwirirana ntchito. Burnett anagwira kamera pa Bush Mama ya Gerima, ndipo Bless Their Little Hearts ya Woodberry analemba ndi kujambula ndi iyeyo. Zipangizo zinali za sukulu. Mtengo waukulu wa filimu yaing'ono umagwa pomwepa, pa anthu ndi zipangizo, ndiye ngati muli ndi anzanu atatu odziwa ntchito, agwireni bwino.

Filimu imene anamalizira maphunziro ake ndi Killer of Sheep. Anaijambula kumapeto a sabata, makamaka mu 1972 ndi 1973, m'misewu ya ku Watts komweko, pa mipukutu ya filimu ya 16mm (mamilimita 16 m'lifupi), ya zithunzi zakuda ndi zoyera. Ndalama zonse sizinakwane madola 10,000. Analemba yekha, kamera anagwira yekha, kudula ndi kulumikiza anachitanso yekha. Ochita sewero ambiri anali anthu wamba a m'deralo. Nkhani yake ndi ya Stan, bambo wogwira ntchito kophera nkhosa, amene watopa mpaka tulo sitimubweranso. Mulibe mfuti zolira, mulibe kuthamangitsana. Muli malo ena pamene Stan ndi mnzake agula injini yakale ya galimoto. Ainyamula movutikira kutsika nayo masitepe, kuikweza kumbuyo kwa kagalimoto konyamula katundu, n'kuisiya m'mphepete chifukwa mphamvu zatha. Galimoto ili potsetsereka. Itangogwedezeka, injini ija pansi phi! Ndalama ndi thukuta la tsiku lonse zathera pamsewu. Pena kamera yayang'ana kumwamba, ana akudumpha kuchoka pa denga lina kupita pa lina. Munthu akamaonera amaganiza kuti kamera inangowapezerera anthu ali pa zawo, koma Burnett anali atalemba ndi kukonza zithunzizo asanayambe.

Kukonzekera kotereku sikunali kwa chibwana, chifukwa filimu ya 16mm imadya ndalama pa sekondi iliyonse. Kamera imajambula zithunzi 24 pa sekondi, ndipo mphindi imodzi imatha mamita pafupifupi 11. Mpukutu waukulu, wa mamita 122, umatha m'mphindi 11 zokha. Filimu ya mphindi 80 ndi mamita pafupifupi 880, koma palibe amene amajambula kamodzi n'kukhoza. Ngakhale mutaumira bwanji, kujambula katatu pa chilichonse chimene chidzalowe, mufunika mipukutu 22. Uliwonse muugule, mulipire kutsukitsa, mulipirenso kope yogwirira ntchito kuti negetivu isakandike. Mawu amajambulidwa pa makina ena apadera, n'chifukwa chake amaomba kathabwa kaja kumayambiriro: pamene kathabwa katsekeka pa chithunzi ndi pamene phokoso lake lamveka pa tepi, mpamene amalumikizira ziwirizo. Kuiwala kuomba ndi kudzipatsa ntchito ya masiku yolondola milomo ya anthu. Inu mukujambula pa khadi, mtengo umenewu mulibe, koma chizolowezi chokonza zonse kamera isanayake chitengeni. Ndipo mawu muwasamale kuposa chithunzi. Anthu amapirira chithunzi chakuda, koma mawu osamveka amawadzutsa pampando.

Tsopano ku nyimbo. Burnett anadzaza filimu yake ndi nyimbo zimene anakula nazo: Paul Robeson, Louis Armstrong, Dinah Washington, Earth, Wind & Fire ndi ena ambiri. Poti inali ntchito ya ku sukulu, sanaganize kuti idzagulitsidwa, ndipo chilolezo sanatenge. Filimu inaonetsedwa ku Whitney Museum ku New York mu 1978, inalandira mphoto ya otsutsa ndi kuyamikira mafilimu ku Berlin mu 1981, ndipo mu 1990 Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inaiika pa mndandanda wa mafilimu oyenera kusungidwa ngati chuma cha dziko. Ulemu wonsewo unalipo, koma kuigulitsa ku nyumba zoonetsera mafilimu kapena pa tepi kunali kosatheka. Inkangoyenda m'masukulu ndi m'zionetsero, pa makope a 16mm amene ankanka nakandika. Malo osungira mafilimu a UCLA ndi amene anaikonzanso n'kuikulitsa kukhala 35mm, pansi pa katswiri Ross Lipman. Kenako kampani yaing'ono ya Milestone Films, ya Dennis Doros ndi Amy Heller, inatha zaka zisanu ndi chimodzi ikusakasaka eni nyimbo. Zilolezo zinadya madola pafupifupi 150,000, ndipo wopanga mafilimu wotchuka Steven Soderbergh anathandizapo ndi ndalama zake. Filimu inatuluka mwalamulo mu 2007, patapita zaka pafupifupi 30. Nyimbo zokha zinaposa mtengo wa filimu yonse kakhumi ndi kasanu.

Mmene zimakhalira ndi umu. Nyimbo iliyonse yojambulidwa ili ndi eni awiri. Woyamba ndi mwini wa mawu ndi maimbidwe, amene nthawi zambiri amaimiridwa ndi kampani yosindikiza nyimbo. Kwa iyeyu mumatenga chilolezo chophatikiza nyimboyo ndi zithunzi. Wachiwiri ndi mwini wa chojambulidwacho, kawirikawiri kampani ya malekodi. Kwa iyeyu mumatenga chilolezo chogwiritsa ntchito mawu a woimba uja monga anajambulidwira. Mmodzi akavomera wina n'kukana, nyimbo simungaiike. Ngati olemba anali atatu, aliyense ndi kampani yake, muyenera kugogoda zitseko zitatu. Chilolezo chilichonse chimanena zinthu zinayi: mugwiritsa masekondi angati, m'mayiko ati, kwa zaka zingati, ndiponso poonetsera pati, kaya m'zionetsero zokha, pa TV, kapena pa intaneti. Ambiri amagwa pa chachinayichi. Amatenga chilolezo chotsika mtengo cha zionetsero zokha, filimu ikatchuka n'kubwerera kwa mwini nyimbo, amene tsopano akudziwa kuti simungachitire mwina. Nzeru yake ndi kulemberatu m'pangano loyamba lomwelo mtengo umene mudzalipire filimu ikadzagulidwa.

Mungati nyimbo yovuta mudzangoichotsa n'kuikapo ina. Nthawi zina zimatheka. Ngakhale a Milestone nyimbo imodzi ya Dinah Washington ya kumapeto inawakanika, ndipo m'malo mwake anabwereza This Bitter Earth, imene inali kale m'katikati. Koma onani malo aja pamene kamtsikana ka Stan kakhala pansi ndi chidole, kakuimba motsatira nyimbo ya Earth, Wind & Fire. Nyimbo ili m'kamwa mwa mwana. Simungaichotse osataya malo onsewo. Choncho pojambula anthu akuvina kapena ali pa phwando, zimitsani wailesi. Apatseni kugunda kwa nyimbo masekondi ochepa kuti agwire mayendedwe, kenako avine muli zii, mawu a olankhula alowe oyera. Nyimbo mudzaika pa kompyuta, ndipo mudzatha kuisintha. Wailesi ya m'minibasi ndi TV ya m'shopu nazonso zimawerengedwa, zikangomveka bwino.

Filimu yake yachiwiri, My Brother's Wedding ya 1983, inagwa pa chifukwa china. Pofuna kukwaniritsa tsiku limene anapangana ndi opereka ndalama, Burnett anawatumizira filimu yosamaliza kudula, yotalika pafupifupi maola awiri. Iwo anaipititsa momwemo ku chionetsero cha ku New York. Nyuzipepala ya New York Times inailemba mosatenthetsa mtima, ogula anabwerera m'mbuyo, basi filimu n'kugona. Anadzaidula mmene ankafunira mu 2007, n'kutsala mphindi pafupifupi 80. Ichi chimandipweteka kuposa cha nyimbo chija, chifukwa apa sanalakwe china koma kukhulupirira anthu. Filimu yosatha musaitulutse m'manja popanda pepala lonena kuti siyoonetsa pagulu, ndipo pa chithunzi pomwepo pazioneka mawu akuti ntchito ikadali m'kati.

Mu 1988 analandira thandizo la ndalama la bungwe la MacArthur Foundation, ndipo mu 1990 anatulutsa To Sleep with Anger, imene kwa ine ndiyo yokhwima kuposa zonse. Danny Glover akusewera ngati Harry, munthu wa kummwera amene wafika pakhomo pa banja la mnzake wakale ku Los Angeles. Paja amati mlendo ndi mame, koma uyu sakamuka. Mwini nyumba adwala, ana ayambana, ndipo simudziwa bwinobwino ngati ndi mankhwala kapena ndi ming'alu imene inalipo kale m'banjamo. Munthu wa kwathu amaimva msanga filimu imeneyi. Dzina la Glover ndi limene linakopa ndalama zoposa madola miliyoni imodzi. Inapata mphoto ku chionetsero cha mafilimu cha Sundance, ndipo Burnett analandira mphoto za Independent Spirit pa utsogoleri ndi pa kalembedwe. Koma kampani yoigulitsa inaiika m'nyumba zochepa ndi malonda ochepa, moti anthu akuda ambiri amene inkanena za iwo sanamve n'komwe kuti yatuluka. Pa The Glass Shield ya 1994, yonena za tsankho ndi katangale m'polisi, kampani yoigulitsa ya Miramax inaitsatsa ndi nkhope ya woimba Ice Cube ngati filimu ya zipolowe, pamene mbali yake inali yochepa. Obwera kudzaona nkhondo anakhumudwa, ofuna nkhani yozama sanabwere. Mukamasaina ndi wogulitsa, muonetsetse zinthu zitatu zalembedwa: ndani ali ndi mawu omaliza pa kudula, adzawononga ndalama zingati potsatsa, ndipo akapanda kuitulutsa pofika tsiku lakuti, umwini ubwerere kwa inu.

Chachitatuchi n'chimene chimapulumutsa filimu ku tsoka ngati la The Annihilation of Fish, ya James Earl Jones ndi Lynn Redgrave. Inaonetsedwa ku Toronto mu 1999, magazini ya Variety inainyoza, wogula anathawa, ndipo inadzafika ku nyumba zoonetsera mu 2025, Jones atamwalira kale. Pakati ponsepa Burnett ankadya za pa TV, monga Nightjohn ya 1996 ya kapolo wophunzitsa anzake kuwerenga. Anafikanso kuno kummwera kwa Africa kudzapanga Namibia: The Struggle for Liberation ya 2007, ya moyo wa Sam Nujoma, ndi ndalama za boma la Namibia. Mu 2017 anamupatsa Oscar yaulemu.

Ndiye pa filimu yanuyo chitani izi sabata ino. Tsegulani kaundula wa nyimbo zonse: dzina, wolemba, woimba, mwini wa chojambulidwa, pamene ikuyambira ndi pamene ikuthera. Pepala limeneli a TV amalitcha cue sheet, ndipo adzalifuna asanakupatseni ngakhale tambala. Pa nyimbo za kumeneko, a SAMRO, bungwe loona za umwini wa nyimbo, angakulozereni kwa eni ake; pa za kumudzi kuno, yambirani ku COSOMA. Koma njira yotsika mtengo ndi kupeza woimba amene akungoyamba kumene, akupekereni nyimbo zatsopano, musainirane kuti mawu ndi chojambulidwa chomwe mungazigwiritse ntchito m'filimuyi kulikonse, mpaka kalekale, dzina lake n'kulembedwa bwino kumapeto. Aliyense wooneka nkhope asaine chilolezo tsiku lomwe wajambulidwa, ana asainiridwe ndi makolo, ndipo mwini nyumba kapena shopu imene mukujambuliramo asainenso. Zimene mwajambula zisungeni pa ma hard drive awiri, imodzi izigona kunyumba ina.

Mukalemba kaundula uja munditumizire pa WhatsApp tidzaonere limodzi nyimbo zoyenera kusiya. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu wa kumudzi.