Kalata yochokera ku Moatize

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana. Ine ndili bwino, kungoti kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi kumatifoola ngakhale usiku.

Ndalandira malipiro, koma sinditumiza kalikonse kufikira mutandiuza kumene zinapita ndalama za malata. Ndamva kuti nyumba ikadali yofolera ndi udzu, pamene amalume akuyenda pa njinga yatsopano. Sindikuwanamizira kuba, koma ndikufuna lisiti la kusitolo, ndipo mng'ono wanga alijambule ndi foni n'kunditumizira.

Mwina mumaganiza kuti popeza Tete anachita malire ndi Mwanza komanso Dedza, ndiye kuti ndili pakhomo ndipo ndalama zimangotoledwa. Chigawo chino n'chachikulu, chili ndi maboma 15, ndipo mtsinje wa Zambezi unachidula pakati. Moatize, kumene timakumba malasha, ali tsidya lino, koma maofesi akuluakulu ali mumzinda wa Tete tsidya linalo, kotero kuti pokonzetsa chikalata chogwirira ntchito ndimawoloka mtsinje wa Revúbuè, kenako Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, ndipo tsiku limenelo limapita lopanda malipiro. Kuyambira chisankho cha 2019 kuno kuli akuluakulu awiri, bwanamkubwa wosankhidwa ndi anthu ndi mlembi wa boma woikidwa ndi pulezidenti ku Maputo, ndipo pansi pawo pali oyang'anira maboma ndi madera ang'onoang'ono. Mlendo ngati ine amayendera chidindo kwa nthawi yaitali, zonse m'Chipwitikizi, ndipo ulendo uliwonse umadya ndalama. Mbuzi zija musagulitse, ngakhale amalume atanena kuti ndavomera.

Ndalama za kuno ndi metical, ndipo posintha kuti zikhale makwacha pa chipata cha malire cha Zóbuè zina zimatsalira m'manja mwa osinthawo. Chimene chimakufikani, amayi, n'chotsala cha thukuta, n'chifukwa chake nkhani ya malata yandipweteka mtima chonchi.

Pamsika ndimakumana ndi anthu a ku Angónia atabweretsa mbatatesi ndi kabichi kuchokera kumapiri kwawo. Amalankhula ngati ife, ndipo ndimachedwa pamenepo ngakhale ndilibe chogula, chifukwa anzanga ambiri kuntchito ndi Anyungwe ndipo ndakusowani kwambiri.

Mvula isanayambe malata akhale atakwera padenga. Ndalama za feteleza ndi fizi ya ana ndidzatumiza m'dzina lanu lokha lisitilo likafika, ndipo amalume muwauze kuti ndidzalankhula nawo ndekha pa Khirisimasi.

Ndine mwana wanu.